Pikiapu ikafooka pa chitunda: kodi mankhwala ake ndi supercharger?

Pa Liwonde, pa Ulongwe, pa Ntaja ngakhale pa Balaka penipeni, pikiapu sidziwa tchuthi. M'mawa yanyamula matumba a nandolo, masana malata ndi simenti, madzulo yasanduka matola, ndipo pakati pa usiku mwini wake akagogoderedwa, ndi yomweyo ithamangire ndi wodwala ku chipatala. Dandaulo la eni ake ndi limodzi: ikalemedwa imafooka, makamaka pa chitunda. Tsono mafoni abweretsa mankhwala okopa. Pa YouTube ndi pa TikTok pali mapikiapu a ku America oikidwa supercharger, olira mwaukali, osiya anzawo m'fumbi. Anyamata a m'magalaja awaona, mabwana awo awaonanso, ndipo mafunso ayamba kumveka. Nawa ena mwa iwo.

Kodi supercharger n'chiyani, ndipo imagwira ntchito bwanji?

Injini imapeza mphamvu potentha mafuta, koma mafuta sayaka popanda mpweya. Ya petulo imafuna makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya kuti itenthe bwino kilogalamu imodzi ya petulo. Choncho chimene chimaika malire pa mphamvu ya injini ndi mpweya. Mukathira mafuta ambiri mpweya uli womwewo, otsalawo amangotuluka ku ekizozi atasanduka utsi.

Injini wamba imadzikokera yokha mpweya pisitoni ikamatsika. Supercharger ndi pampu yokankhira mpweya m'masilinda mokakamiza, ndipo imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku pule ya crankshaft. Amene anaonapo wosula makasu akupopa mvukuto amvetsa msanga: makala ndi omwewo, koma mpweya ukachuluka moto umalusa mpaka chitsulo kufiira. Mbiri yake inayambiradi kumeneko. Abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville m'chigawo cha Indiana, analembetsa mu 1860 makina opopera mpweya omwe ankagwira ntchito m'ng'anjo zosungunulira chitsulo. Kampani ya Mercedes inayamba kugulitsa magalimoto okhala ndi makina otere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mpaka lero ma supercharger ambiri, monga a kampani ya Eaton, amatsatabe kapangidwe ka a Roots aja.

Mpweya wotizungulirawu umapanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi 1 bar. Supercharger ya galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku imaonjezerapo 0.4 kapena 0.5 bar, ndipo zonse zikakhala bwino mphamvu ya injini imakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo pang'ono. M'misewu yathu ilimo kale mwakachetechete: ena mwa ma Nissan Note ochokera ku Japan, a injini ya 1.2 ya masilinda atatu, anatuluka nayo ku fakitale, ndipo eni ake ambiri sadziwa n'komwe.

Ikusiyana pati ndi turbo?

Cholinga n'chimodzi, koma kumene zimatenga mphamvu n'kosiyana. Supercharger imadya mphamvu ya injini yomweyo kudzera pa lamba. Imabweza zochuluka kuposa zomwe yadya, komabe yadya. Turbo, yomwe Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905, imazunguzidwa ndi utsi wotentha umene ukanangotayika, ndipo imatha kuzungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Supercharger imayankha pompopompo mukangoponda, pamene turbo imayamba yadikira kuti utsi uchuluke. Koma pa kapulumutsidwe ka mafuta turbo ndiyo imapambana, n'chifukwa chake pafupifupi pikiapu iliyonse ya dizilo yopangidwa masiku ano imatuluka nayo.

Yanga ndi Hilux ya D-4D. Ndingaikemo?

Mukufuna kugula chimene muli nacho kale. Hilux ya D-4D, kaya 2.5 kapena 3.0, Hilux ya GD-6, Isuzu D-Max, Ford Ranger ndi Mazda BT-50 za dizilo za zaka zaposachedwa, zonsezi zili ndi turbo. Mpweya zikukankhiridwa kale. Makiti amene mumaona m'mavidiyo ndi a injini za petulo za V6 ndi V8, za Ford F-150, Toyota Tacoma, Tundra ndi Ram. Ku America mapikiapu ambiri ndi a petulo, ndipo ena, monga Ram TRX ya 702 horsepower, anatuluka ku fakitale ali ndi supercharger. Zonsezo n'zoona, koma ndi magalimoto a anthu amene pikiapu yawo siinanyamulepo belo la thonje.

Komanso chimene mukusowa pa chitunda si liwiro. Ndi mphamvu yokoka injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ija amaitcha torque. Pamenepo dizilo wa turbo ndi katswiri kale: 3.0 D-4D imatulutsa 343 Nm, ndipo 2.8 GD-6 ya giyabokosi ya otomatiki, kuyambira mu 2020, imafika pa 500 Nm.

Nanga ife a Hilux zakale za 3L ndi 5L, kapena Land Cruiser ya 1HZ, zopanda turbo?

Apa ndiye pali funso lenileni, chifukwa magalimoto amenewa ndiwo akusenza ntchito yolemetsa kwathu kuno, ndipo pa chitunda ndi ofookadi. 5L ndi ya malita atatu koma imatulutsa pafupifupi 70 kW yokha. 1HZ ndi ya malita 4.2 koma imathera pa 96 kW. D-4D ya malita atatu omwewo imapereka 120 kW.

Anthu amaziika turbo, makamaka ku South Africa ndi ku Australia, ndipo zina zimayenda zaka zambiri. Koma dziwani chimene mukuchita. Injinizi zimapanikiza mpweya kwambiri kale, pafupifupi 22 kwa 1. Toyota itafuna injini ya turbo ya Land Cruiser sinangomangirira turbo pa 1HZ. Inapanga 1HD-T, ya mapisitoni ena ndi hedi ina, n'kutsitsa kapanikizidwe kufika pa 18.6 kwa 1. M'hedi ya 3L, 5L ndi 1HZ muli timapanga ting'onoting'ono momwe dizilo amayambira kuyaka, ndipo kutentha kukapyola muyezo ming'alu imayambira pamenepo. Aluminiyamu, yemwe ndiye mbali yaikulu ya chitsulo cha mapisitoni, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, pamene utsi wa injini yothiridwa dizilo wambiri umatha kupitirira 750 pa chitunda chachitali. Chimene chimapulumutsa pisitoni ndi oyilo woiziziritsa ndi kanthawi kochepa kopumira pakati pa kuyaka kwina ndi kwina. Mukaikakamiza kwa mphindi zambiri osabweza phazi, chipulumutsocho chimachepa.

Choopsa n'chakuti geji ya kutentha ya pa dashibodi siichenjeza msanga, chifukwa imayeza madzi, osati utsi. Ikamadzakwera, zinthu zimakhala zitaonongeka kale. Aliyense woika turbo pa injini yotere ayambe wagula geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi, ndipo aphunzire kuimvera.

Kunena mosabisa, ukoma wa 5L ndi 1HZ ndi woti sizifa msanga, zimapirira dizilo wokayikitsa, ndipo makaniko wa pa Nsanama kapena pa Phalula atha kuzimasula ndi masipanala wamba pansi pa mtengo wa mango. Mukaika turbo mukugulitsa ukoma umenewo kuti mufike ku Zomba mphindi zochepa msanga. Ine malonda amenewo sindiwaona phindu.

Kodi palibe pikiapu ya kuno imene supercharger ingaiyenere?

Ilipo, koma ndi yosowa: Hilux ya petulo ya 4.0 V6, ya injini ya 1GR-FE. Toyota yeniyeniyo inayesapo. Mu 2008 nthambi yake ya TRD ku Australia inatulutsa Hilux yokhala ndi supercharger ya Eaton, mphamvu n'kukwera kuchoka pa 175 kW kufika pa 225 kW. Koma onani zimene anachita. Sanangomanga pampu yokha. Anaika intercooler yoziziritsa mpweya, anasintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, anakulitsa mabuleki akutsogolo, anaika mashoko a Bilstein, ndipo galimotoyo inkafuna petulo wa octane yokwera. Ngakhale inakonzedwa ndi akatswiri a kampani yomwe, sinayende malonda, ndipo TRD ya ku Australia inatsekedwa mu 2009.

Makiti ambiri a injini imeneyi anapangidwira Tacoma ya ku America, ya chiwongolero cha kumanzere ndi kompyuta yosiyana ndi ya Hilux yathu. Musanatumize ndalama, wogulitsa akutsimikizireni molemba kuti kitiyo ndi ya galimoto yanu, ya chaka chanu.

Petulo wathuyu angakwanitse?

Mdani wamkulu wa injini ya petulo yokankhiridwa mpweya ndi mafuta kudziphulikira okha m'silinda nthawi yake isanakwane. Mukamva kaphokoso ka ngwe-ngwe-ngwe pokwera chitunda, ndi zimenezo. Kakapitirira kamathyola malingi, kamaboola pisitoni, ndipo mawa mumva makaniko akuti injini yanoka. Octane ndi muyezo wa momwe petulo amapiririra kupanikizidwa osadziphulikira. Makiti a ku America amalemba kuti pakufunika 91, koma iwo amawerenga mwanjira yawo. Pa kawerengedwe ka RON, kogwiritsidwa ntchito ku South Africa ndi mayiko ambiri, nambala imeneyo ndi pafupifupi 95. Pa mapampu athu simusankha. Petulo ndi wa mtundu umodzi, mwathira mwathira.

Palinso nkhani ya ethanol. Dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira mu 1982, poyamba wa ku Dwangwa, kenako ndi wa PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane, ndipo umenewo ndi mwayi. Koma lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, kotero injini imafuna mafuta ochulukirapo. Pulogalamu yolembedwera petulo wa dziko lina ikhoza kuthira mafuta operewera injini ikamakoka kwambiri, ndipo kuperewera kumeneko kumatenthetsa mapisitoni.

Ndiye pali vuto limene tonse timalidziwa. Kuyambira mu 2022 mafuta akhala akusowasowa, ndipo pampu ikauma munthu wa bizinesi sayimika galimoto. Amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. M'chigubumo mukhoza kukhala madzi, dothi, ngakhale palafini. Injini ya fakitale imakhululuka kamodzi kapena kawiri. Yoikidwa supercharger ikhoza kutha ndi chigubu chimodzi.

Achimwene anga ali ku Joni akuti kumeneko anthu ambiri amaika zimenezi. Bwanji kuno zivute?

Achimwene anu sakunama, koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yodzikokera yokha imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 aliwonse. Galimoto ya ku Joni imakhala itataya kale pafupifupi 17 peresenti, ndiye mwini wake akaika turbo kapena supercharger, mbali ina akungobweza zimene mtunda unamulanda. Liwonde ili m'chigwa cha Shire, pafupifupi mamita 500 okha, ndipo Balaka yakwererapo pang'ono. Ife timataya zochepa. Amene angadandaule ngati a ku Joni ndi anzathu a ku Dedza.

Chotisautsa ife ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala madigiri 35 amapyoledwa kawirikawiri kuno. Mpweya wa madigiri 38 ndi wopepuka ndi pafupifupi 6 peresenti poyerekeza ndi wa madigiri 20, n'chifukwa chake galimoto imakoka bwino m'mamawa kuposa masana. Mukaupanikizanso ndi 0.5 bar, mpweya womwewo umatha kufika madigiri 90 kapena kupitirira usanalowe m'injini. Intercooler imauziziritsa, inde, koma imadalira mphepo yowomba kutsogolo galimoto ikamathamanga. Pikiapu yodzaza mpunga, yokwera mu giya yachiwiri kuchoka pa Liwonde kulowera ku Machinga boma, mphepo yotere imaitenga kuti? Nthawi imene mukufuna mphamvu kwambiri ndi yomwe intercooler imathandiza pang'ono.

Onjezerani kuti ku Joni petulo wa 95 ali pa pampu, makina a dyno oyezera mphamvu ya injini ali m'magalaja ambiri, ndipo sipeyala imapezeka tsiku lomwelo.

Tsono galimoto yangayi ilibedi mphamvu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kufunsa kuti mphamvu imene inali nayo itatuluka ku fakitale inapita kuti. Mapikiapu ambiri a kuno anabwera atayenda kale ku Japan, ku South Africa kapena m'mabungwe, ndipo ayenda makilomita ena zikwi mazanamazana m'misewu yathu. Kawirikawiri mwini galimoto amafuna kugula mphamvu yatsopano pamene yake yakale ikutayikira m'zinthu zotsika mtengo.

Choyamba ndi fyuluta ya mpweya. Amene amayenda misewu ya fumbi ya ku Nayuchi, ku Chikweo kapena ku Utale m'chilimwe amadziwa momwe imatsekekera. Chizolowezi choipopera ndi kompuresa mobwerezabwereza chimaboola pepala lake, fumbi n'kumalowa m'masilinda kukapala malingi. Gulani yatsopano, ndipo samalani ndi zachinyengo zomwe bokosi lake limaoneka lenileni. Fyuluta ya dizilo ndi kabotolo kotchera madzi pansi pake zionedwenso nthawi yomweyo.

Kenako manozo. Akatha amadontheza dizilo m'malo momwaza, ndipo zotsatira zake ndi utsi wakuda, kumwa mafuta ndi kufooka. Achotsedwe akayezedwe pa makina, osati kungowayang'ana ndi maso. Taiming'i ya pampu ionedwe, mipata ya mavavu iyezedwe, ndipo makaniko ayeze kompuleshoni ya silinda iliyonse. Kuyeza kumeneku ndiko kumanena zoona: injini yotha malingi siifuna turbo, ikufuna ovaholo.

Pa za D-4D ndi zinzake, yang'anani mapaipi a labala ochoka ku turbo kupita ku intercooler. Kamng'alu kochepa kamataya mpweya wonse umene turbo yavutikira, ndipo chizindikiro chake ndi mluzu ndi kaoyilo konyowa pa paipi. Vavu ya EGR, yobwezera utsi wina m'injini, ndi manifodi zimadzaza mwaye mpaka njira ya mpweya kuchepa. Sensa ya mpweya ikada, kompyuta imachepetsa mafuta. Makina owerengera kompyuta ya galimoto amaonetsa zambiri mwa izi m'mphindi zochepa.

Musaiwale zapansi: buleki yomanga, matayala ophwa, kilatchi yoterereka. Injini ikamalira koma galimoto osapita, vuto lili pa kilatchi.

Za kuziziritsa ndiimapo pang'ono, chifukwa apa pali zizolowezi ziwiri zoipa. Choyamba ndi kuchotsa thermostat poganiza kuti kuno n'kotentha ndiye ilibe ntchito. Pa injini zambiri thermostat ndiyo imatsekanso njira yachidule ya madzi kuti onse adutse mu lediyeta. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira m'injini osazizira. Chachiwiri ndi kuthira madzi a pa mjigo. Mijigo ina ya ku Balaka madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umaundana m'timapaipi ta lediyeta. Thirani coolant. Kunja kwa lediyeta kumatsekekanso ndi njere za udzu, tizilombo ndi ulusi wa thonje. Tsukani ndi madzi kuchokera kumbuyo, ndipo onani ngati fani ikugwira injini ikatentha.

Chomaliza n'chowawa kumva. Pikiapu ya single cab inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo dalaivala ndi anyamata okweza katundu amawerengedwa momwemo. Mukakweza matumba 35 ndiye kuti mwaika makilogalamu 1,750. Galimotoyo sinafooke, mwaisenzetsa ntchito ya kalole.

Nanga chip kapena remap?

Pa dizilo wa turbo wa kompyuta, iyi ndiyo njira yeniyeni yoonjezera mphamvu, osati supercharger. Remap ndi kulembanso pulogalamu ya kompyuta ya injini; chip ndi kabokosi koikidwa pakati pa kompyuta ndi injini, monga Unichip ya kampani ya Dastek ya ku South Africa. Zikachitidwa ndi katswiri, pa dyno, pa injini yathanzi, ndipo mosapyola muyezo, kusintha kumamveka. Koma timabokosi totsika mtengo ta pa intaneti tambiri timangonamiza sensa kuti pampu ipanikize dizilo kwambiri. M'injini za common rail monga za D-4D dizilo amapanikizidwa kale kwambiri, pa zambiri kupitirira 1,500 bar, ndipo mainjekita ake ndi ena mwa masipeyala odula kwambiri pa galimoto yonse. Injini ya 3.0 D-4D imadziwikanso kuti imatha kung'alula pisitoni mainjekita akatha kapena ikathiridwa mafuta mopyoza. Munthu wobwera ndi laputopu n'kukulonjezani mphamvu m'theka la ola, mufunseni kuti dyno ali nayo kuti, ndipo pulogalamu yoyamba ya galimoto yanu akusungirani pati.

Pa injini zakale za pampu wamba pali njira ya m'mudzi: kupotokola kasikuluwu ka pa pampu kuti dizilo achuluke. Galimoto imamveka ngati yadzuka, koma mpweya ndi womwe uja. Utsi wakuda umene mukuusiya m'mbuyowo ndi dizilo amene munalipira, ndipo m'silinda mukutentha kuposa kale.

Ekizozi yaikulu ndi fyuluta ya sipoti zimathandiza?

Ekizozi yotakata imathandizako pang'ono pa injini ya turbo, makamaka potsitsa kutentha kwa utsi. Pa yopanda turbo mumagula phokoso. Fyuluta ya sipoti ya nsalu yopaka oyilo ilekeni. Imalowetsa mpweya wambiri pamodzi ndi fumbi losalala, ndipo fumbi kuno silisowa.

Matayala akuluakulu?

Amakongoletsa, amakwezanso galimoto pa msewu wokumbika, koma amadya mphamvu. Kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17 tayala limakula ndi pafupifupi 3.4 peresenti, ndipo mphamvu yokoka imatsika ndi muyezo womwewo m'magiya onse. Kuchoka pa mainchesi 31 kupita pa 33 ndi kupitirira 6 peresenti. Geji ya liwiro imayambanso kuonetsa nambala yochepa kuposa liwiro lenileni, ndipo apolisi a kamera sadzamva zoti ndi matayala. Ambiri amene amafunsa za supercharger anayamba ndi matayala.

Mphamvu ikakwera, n'chiyani china chiyenera kusintha?

Mabuleki poyamba. Mtunda woimira umakula mofulumira kuposa liwiro: galimoto imene ikuthamanga 100 km pa ola imafuna mtunda woposa wa pa 80 ndi theka lina ndi kupitirira. Kulemera kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake kukachuluka kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumachulukanso kawiri, ndipo mapikiapu ambiri kumbuyo ali ndi mabuleki a dilamu, omwe sataya kutentha msanga. Ganizirani za tsiku la msika pa Ulongwe kapena pa Mangochi Turn-off: makabaza mbali zonse, ana, mbuzi, minibasi yoima paliponse. Mapadi enieni, mafuta a buleki osinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndi chizolowezi chotsika mtsetse wa ku Machinga mu giya yaing'ono m'malo mogonera buleki, zimenezi ndizo ndalama zoyamba.

Kilatchi inapangidwira torque ya fakitale ndi kampata kochepa pamwamba; kampatako kakadyedwa imayamba kuterereka mu giya yachinayi ndi yachisanu. Giyabokosi, makolosi a propshaft ndi difu nazo zimalandira gawo lake. Ena amaonjezera masipuling'i kumbuyo kuti galimoto isagwade. Imaoneka yowongoka, koma ekiselo, mabeyaling'i, chasisi ndi matayala ndi zomwe zija. Oyilo nayenso azisinthidwa msanga, pa makilomita 5,000 m'fumbi lathuli, ndipo mukafika pa ulendo wokoka kwambiri, injini ya turbo muisiye ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse.

Ndalama zake zimabwera bwanji?

Kiti yathunthu ya supercharger ya kampani yodziwika, monga Magnuson kapena Whipple, imagulidwa madola zikwi zingapo isanachoke ku America. Ikani mtengo wotumizira, msonkho wa MRA, ndi vuto lopeza madolawo. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinatsatira.

Kugula n'kamodzi, kumwetsa n'kwa tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 2,000 pa mwezi, ndipo galimoto yayamba kumwa malita awiri oonjezera pa makilomita 100 aliwonse. Amenewo ndi malita 40. Pa mtengo wa petulo wa K2,530 pa lita umene MERA inalengeza mu Novembala 2023, ndi K101,200 pa mwezi, ndipo mtengowo wakweranso kuchokera pamenepo. Wobwereka galimoto kuti atute chimanga salipira zambiri chifukwa chakuti yafika msanga. Kwa amene akufunadi kunyamula matumba 40 tsiku lililonse, ndalama yomweyo ingathandize kwambiri pogula kalole ka matani awiri kapena atatu.

Lamulo likutipo chiyani?

Galimoto iyenera kupambana mayeso a COF, ndipo utsi wochuluka, phokoso lopyoza ndi mabuleki ofooka ndi zina mwa zimene zingakugwetseni. Mukasintha injini yonse, mwachitsanzo kuchotsa 5L n'kuika ya turbo yochokera ku Japan, nambala ya injini imasintha, ndipo muyenera kukakonzetsa zikalata ku Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti zigwirizane ndi chimene chili pansi pa boneti. A inshulansi auzeni molemba za kusintha kulikonse kokweza mphamvu, chifukwa ngozi ikachitika n'kupeza chimene simunanene, ali ndi poyambira kukana kulipira. Ngati galimoto ikadali pa waranti, chip kapena remap ikhoza kuithetsa pa zonse zokhudza injini.

Ndamva zonsezi, koma ndikufunabe. Ndichite motani?

Galimoto ndi yanu. Yambani ndi kompuleshoni, manozo ndi lediyeta. China chikalephera, imani pomwepo mukonze. Kenako mabuleki ndi kilatchi. Ikani mageji, ya EGT pa dizilo, ya kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta pa petulo, ndi ya mphamvu ya mpweya pa zonse, musanaike china chilichonse, kuti mudziwe manambala a galimoto yanu isanasinthidwe. Sankhani mlingo wotsika kwambiri umene kitiyo imalola, ndipo musakopeke ndi pule yaing'ono yoonjezera mpweya. Intercooler isasowe. Pulogalamu ikonzedwe ndi mafuta omwe mudzathire kuno, makamaka tsiku lotentha, galimoto ili ndi katundu.

Gulani malamba awiri kapena atatu nthawi imodzi, chifukwa lamba wa supercharger si wa saizi ya fakitale, ndipo akaduka muli pa Nselema simudzamupeza m'sitolo ya masipeyala ya pamenepo. Pa makiti ena lamba yemweyo ndiye amazunguzanso alternator ndi pampu ya madzi. Manifodi, mainjekita ndi mapaipi akale zisungeni m'bokosi. Tsiku logulitsa galimoto, ogula a kuno akamva kuti injini inaseweretsedwa amatsitsa mtengo, ndipo mudzafuna kuibwezera mmene inalili.